Kamera izizungulira pa lenzi, osati pa bawuti

Nthawi yomwe sitinajambule kanthu

Bambo amene ndinkawanyamulira zikwama tsiku limenelo anapatsidwa ntchito yojambula mkati mwa holo yakale, yayitali, ya nsanamira uku ndi uku. Eni ake ankafuna panorama, chithunzi chimodzi chotambalala chopangidwa polumikiza zithunzi zingapo, choti munthu akachiyang'ana aone khomo, mazenera onse, mpaka kutsogolo kwenikweni. Ine maso anali pa chikwama, kudikira kuti ndione chida chomwe chituluke.

Anatulutsa kamera yakale yosupuka penti m'makona, lenzi ya 24mm, ndi kanjanji kachitsulo kosafika masentimita 20, kokhala ndi manambala m'mbali. Anakamanga pamutu pa tripod, choimikira kamera cha miyendo itatu, n'kukhazika kamera pamwamba pake choimirira. Kenako anatenga choimikira nyali n'kuchiika mamita awiri kutsogolo kwa kamera, molunjika ndi felemu ya chitseko chomwe chinali kumapeto kwa holo.

Ndiye anayamba. Kusuzumira, kutembenuzira kamera kumanzere, kutembenuzira kumanja, kumasula kasikuluwu, kukokera kamera m'mbuyo pang'ono, kumanganso. Kusuzumiranso. Batani lojambulira osalikhudza n'komwe. Dzuwa lomwe linkalowera pamazenera linali likusendera pansi, ine mtima uli m'mwamba.

"Bambo, kuwalaku kutithawa. Tiyamba nthawi yanji?"

"Tayamba kale, mwana wanga. Tabwera kuno."

Anandiuza kuti nditambasule mkono, ndiimike chala chachikulu, nditsinzine diso limodzi, chalacho chiphimbe nsanamira ina yakutali. Ndinatero. "Mkonowo usausunthe. Tembenuza mutu pang'onopang'ono, koma diso likhalebe pa chala." Chala chinachoka pa nsanamira. Chinayenda chokha, mkono uli chiimire.

"Waona? Mutu wako umazungulira pakhosi, kumbuyo uku, koma diso lili kutsogolo. Ukatembenuka, diso silikhala pamalo amodzi, limayenda. Kameranso ndi chimodzimodzi. Bawuti ya tripod ili pansi pa kamera, pomwe kuwala kumalowera kutsogolo uko, m'lenzi."

Anabwezera kamera pomwe inali poyamba n'kundiuza kuti ndisuzumire. Nditatembenuzira kumanja, choimikira nyali chija chinalumphira kumanzere kwa felemu ya chitseko. Nditatembenuzira kumanzere, chinalumphira kumanja. Atakokera kamera pa nambala yomwe anali ataipeza, ndinatembenuza mpaka m'mphepete mwa chithunzi mbali zonse ziwiri, koma choimikiracho chinangokakamira pa felemu, osachokapo. Anadula katepi, n'kulembapo nambalayo, n'kukamata pa chivindikiro cha lenzi.

Kujambula kwenikweniko kunatha msanga. Madzulo, pakompyuta, zithunzi zinalumikizana ulendo umodzi, nsanamira zonse zili chilili, matailosi a pansi osathyoka mzere. Chomwe sichindichoka m'mutu mpaka lero n'chakuti pa zida zonse zomwe ndinanyamula, chomwe chinagwira ntchito yayikulu chinali kachitsulo kopanda batire, kopanda galasi. Kuyambira pamenepo, munthu akandifunsa kamera yabwino ya panorama, ine ndimamufunsa funso lina: chinthu chapafupi kwambiri m'chithunzi chanucho chili patali bwanji?

Masamu ake ndi ochepa

Tengani lenzi yanu, muchepetse kabowo kake kolowera kuwala mpaka pa nambala ya f/16, muiyang'ane chakutsogolo. Muona kabowo kakang'ono kooneka kuti kali mkati mwa magalasi. Malo omwe kabowoko kakuonekera kuti kali ndi pomwe kamera imaonera dziko. Ojambula amawatcha entrance pupil, ndipo kanjanji kosunthira kamera kaja mukapeza pa dzina lakuti nodal slide. Kamera ikazungulira pa malo amenewo, zapafupi ndi zakutali sizisemphana. Ikazungulira pena paliponse, zimasemphana.

Kusemphanako kumakula bwanji? Tiyerekeze kuti muli ndi zoom, lenzi yosintha utali, yomwe mwaiika pa 50mm, ndipo kabowo kaja kali masentimita 10 kutsogolo kwa bawuti. Mukatembenuza kamera madigiri 20, kabowoko kamayenda chammbali pafupifupi masentimita 3.5. Chinthu chomwe chili pa mamita 2 chimasuntha digiri imodzi poyerekeza ndi zakumbuyo kwake. Digiri imodzi imamveka yochepa, koma pa kamera ya full frame (ya sensa yofanana kukula ndi filimu ya 35mm) ya 24 megapixel yoimika, mapikiselo 4,000, timadontho topanga chithunzi, amagawana madigiri 27 okha chopingasa. Ndiye kuti digiri imodziyo ndi mapikiselo pafupifupi 150. Mpanda wothyoka pakati, nthambi yotuluka kawiri, zimachokera pamenepa.

Tsopano chinthu chomwecho chikhale pa mamita 200. Kusuntha kwake kumatsika kufika pa pikiselo imodzi ndi theka. Phiri lomwe lili pa makilomita 2 silisuntha n'komwe moti diso n'kuona. N'chifukwa chake anthu awiri amatha kukangana usiku wonse, wina akuti panorama yojambula pamanja imalumikizana bwinobwino, wina akuti n'zosatheka, onse akunena zoona. Woyambayo amajambula mapiri ndi nyanja. Winayo amajambula m'zipinda.

Ndipo musayembekeze kuti pulogalamu yolumikiza zithunzi ikonza. Vuto si lakuti chithunzi chimodzi chapindika. Vuto n'lakuti zithunzi ziwirizo zikutsutsana: china chikuonetsa kachigawo ka zenera kuseri kwa nsanamira, china chabisa kachigawoko. Pulogalamu ingathe kubisa mkanganowo poyendetsa msoko, mzere womwe zithunzi zimakumanirana, malo ena, koma siingagwirizanitse mboni ziwiri zomwe zinaima malo osiyana.

Kupeza malowo n'kosavuta, ndipo ndi zomwe bambo aja ankachita. Ikani chinthu choonda pafupi, chilunjike ndi china chakutali. Mukatembenuzira kamera kumanja, chapafupicho n'kusunthira kumanzere kwa chakutali, kokerani kamera m'mbuyo. Chikasunthira kumanja, mwapitirira, kankhirani kutsogolo. Pa zoom nambalayi imasintha mukasintha utali, choncho 24mm ili ndi nambala yake, 50mm yake. Lembani. Ndi ntchito yochita kamodzi pa lenzi iliyonse.

Zogula ndi zosafunika kugula

Ngati mumajambula zakutali zokhazokha, musagule kanthu. Gwirani kamera choimirira, pindani zigongono pachifuwa, muyesetse kuti lenzi ikhale pamwamba pa phazi limodzi, inu muzizungulira mozinga phazilo. Ena amamanga chingwe ku lenzi, chokhala ndi kolemera kumapeto, n'kumaonetsetsa kuti kolemerako kakulendewera pa kamwala kamodzi komweko nthawi zonse. Imagwira, ngakhale anthu odutsa amakuyang'anani modabwa.

Foni nayo ndi chimodzimodzi. Njira yojambula panorama poyendetsa kamera inafala ndi Sweep Panorama ya Sony mu 2009, n'kufika pa iPhone mu 2012, ndipo ambiri timaigwiritsa ntchito titatambasula manja, thupi lonse likuzungulira. Pamenepo lenzi imayenda theka la mita kapena kuposa. Yesani kuima chilili, foni izizungulira yokha pakati pa zala zanu. Kusiyana kwake mudzakuona pa zitsulo za pakhonde.

Mukafika pa tripod, chinthu choyamba si kanjanji ayi. Ndi levulo. Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka, chifukwa chofunika kukhala chowongoka si kamera, koma chozunguliracho. Pa ball head wamba, mutu wa tripod womwe kamera imakhala pa kampira, chozungulira chili pansi pa mpirawo. Mutha kuwongola kamera bwinobwino pa mpirapo, kathovu ka levulo kali pakati, koma ngati miyendo ya tripod yapendekeka, mukangozungulira madigiri 90 kamera yapendekekanso. Mapeto ake panorama imakwera phiri mbali imodzi n'kutsetsereka mbali inayo, ndipo podula m'mphepete mumataya thambo ndi nthaka zambiri. Mankhwala ake ndi awiri: chowongolera chotchedwa leveling base pansi pa mutu wa tripod, kapena chomangira chozungulira pamwamba pa mpira. Ine ndimakonda chachiwirichi chifukwa n'chopepuka m'chikwama.

Kenako L-bracket, kachitsulo kopinda komwe kamalola kamera kuima choimirira lenzi ili pamwamba penipeni pa chozungulira. Mukagwetsera ball head chammbali kuti kamera iime, lenzi imapita kumbali, ndipo mavuto a kusemphana aja amangowonjezeka. Ndiye kanjanji. Onetsetsani kuti zonsezi ndi za mtundu wa zomangira wotchedwa Arca-Swiss, poti ndi womwe makampani ambiri amatsatira, ndipo zida za makampani osiyana zimalowana. Zitatuzi, chowongolera, L-bracket ndi kanjanji, zimakwanira pa panorama ya mzere umodzi, yomwe ndi ntchito yomwe ambiri a ife timachita.

Mutu wa mizere ingapo, monga ya Nodal Ninja, Really Right Stuff kapena Manfrotto 303SPH, ndi nkhani ina. Umalola kamera kuweramira pansi ndi kuyang'ana kumwamba kabowo kaja kali pamalo amodzi. Ngati mumajambula nyumba zogulitsa, mahotelo, kapena zithunzi za madigiri 360 zoti munthu azizunguliramo pasikirini, mutu umenewu ndi chida cha ntchito. Ngati simutero, ndi katundu wolemera yemwe adzakhala kunyumba. Pa mitu yotereyi chomwe ndimachiona chaphindu kwambiri ndi chozungulira chodumpha, chomwe chimati "kha" pa madigiri omwe mwasankha, kaya 30 kaya 45. Mumdima, kapena pomwe khoma lili loyera paliponse, simuchita kuwerenga m'mutu.

Nanga makamera a malenzi awiri, omwe anatchuka ndi Ricoh Theta mu 2013? Ndi achangu, ndipo pamalo podzaza anthu palibe chowaposa, chifukwa amajambula mbali zonse nthawi imodzi. Koma malenzi awiri sangakhale pamalo amodzi, choncho chinthu chomwe chili pafupi kwambiri ndi msoko chimadukabe. Komanso mapikiselo ake amamwazikana mbali zonse, ngati mkati mwa mpira, moti kachigawo komwe mukuyang'ana kamakhala ndi ochepa kusiyana ndi momwe nambala ya pabokosi imamvekera.

Za kamera yeniyeniyo ndilibe zambiri. Ikhale yolola manual, pomwe zonse mumasankha nokha, ndi RAW, fayilo yomwe kamera siinaikonze, basi. Panorama ndi njira yomwe kamera ya mapikiselo ochepa imatulutsira chithunzi chachikulu, ndiye kugula ya mapikiselo ambiri chifukwa cha panorama n'kulipira kawiri chinthu chimodzi.

Lenzi yotambalala si yankho nthawi zonse

Maganizo oyamba amati chithunzi chotambalala chifuna lenzi yotambalala. Pa malo akunja ine ndimakana. Lenzi ya 16mm imakankhira mapiri kutali, n'kudzaza chithunzi ndi thambo ndi udzu wa pamapazi. M'makona mwake mumakhala mdima ndi kukokeka, ndipo m'makonamo ndi momwe zithunzi zimakumana. Pakati pa 35mm ndi 85mm ndi pomwe panorama za kunja zimaoneka monga diso linaonera.

Mtengo wake ndi kuchuluka kwa zithunzi. Pa full frame, kamera itaima, 24mm imaona madigiri 53 chopingasa, pomwe 50mm imaona 27. Zithunzi zikamalowana 30 peresenti, kuzungulira madigiri 360 kumafuna zithunzi 10 pa 24mm, koma 19 pa 50mm. Pa mpira wathunthu, kutanthauza mbali zonse ndi kumwamba ndi pansi pomwe, ndi pomwe fisheye, lenzi yotambalala kwambiri yopinda mizere, imalamulira: ya 15mm imamaliza ndi zithunzi 6 mozungulira, chimodzi chakumwamba, chimodzi chapansi. Ya 8mm imatha ndi zinayi.

Kulowanako musakuchitire umbombo. Telala sadula nsalu pa mzere weniweni, amasiya ina yoti msoko ugwirepo. Gawo limodzi mwa magawo atatu ndi poyambira pabwino. Pomwe pali madzi, thambo lopanda mitambo kapena khoma losalala, ndimafika theka, chifukwa pulogalamu imasowa pogwira.

Pali njira ziwiri zapadera zomwe ndizitchule mwachidule. Ryan Brenizer, wojambula maukwati wa ku New York, anatchukitsa kujambula munthu ndi lenzi yayitali yotsegula kwambiri, monga 85mm pa f/1.4, zithunzi zambirimbiri momuzungulira, n'kuzilumikiza. Chimatuluka ndi chithunzi chotambalala koma kumbuyo kuli mbuu, chomwe lenzi yotambalala siingapereke. Ina ndi ya lenzi ya tilt-shift: mumasunthira galasi kumanzere, pakati, kumanja, kamera osazungulira. Zithunzi zake zimangogundana mosavuta. Komabe lenzi ikasuntha, pomwe mukuonera pasunthanso, ndiye ngati pali zapafupi, chosuntha chikhale kamera, lenzi ikhale pamalo. Lamulo ndi lomwe lija.

Tsekani chilichonse chomwe kamera imasankha yokha

Kamera yanzeru ndi mdani pa ntchito iyi. Imaona chithunzi chilichonse pachokha, ndiye ikayang'ana ku dzuwa imadetsa, ikayang'ana kumthunzi imawalitsa, thambo n'kutuluka la mizeremizere. Ikani pa manual. Yezerani kuwala pa mbali yowala kwambiri yomwe mukufuna kuti isapse, musiye pomwepo ulendo wonse. Ngati mthunzi wada mopitirira, jambulani zitatu pa malo aliwonse, chakuda, chapakati, chowala, koma chosintha chikhale liwiro la shutter, nthawi yomwe kamera imatsegukira kuwala. Kabowo kasasinthe. Ndimayamba pa f/8, pomwe malenzi ambiri amakhala akuthwa mpaka m'makona ndipo mdima wa m'mphepete umachepa.

White balance, yomwe imakonza mitundu molingana ndi kuwala, isakhale pa auto. Focus ipezeni kamodzi, kenako zimitsani autofocus, chifukwa malenzi ambiri amasintha pang'ono kukula kwa chithunzi focus ikasuntha. ISO, mphamvu yomwe kamera imamvera kuwala, nayo ikhale nambala imodzi.

Polarizer, fyuluta yochepetsa kunyezimira yomwe imamangidwa kutsogolo kwa lenzi, ichotseni. Ndikudziwa kuti imakometsa thambo, koma mphamvu yake imakula pa madigiri 90 kuchokera pomwe pali dzuwa, n'kuchepa mukayang'ana ku dzuwa kapena kulifulatira. Pa panorama yayitali mumapeza chigamba chakuda pakati pa thambo, ndipo kuchichotsa pakompyuta ndi chintchito.

Kachizolowezi kena kakang'ono: jambulani chikhatho chanu musanayambe, mujambulenso mukamaliza. Mukatsegula khadi yodzaza ndi mazana a zithunzi zofanana, zikhathozo zimakuuzani pomwe panorama iliyonse yayambira ndi pomwe yathera. Ndipo muzijambula mopitirira malire omwe mukufuna, kumanzere, kumanja, kumwamba. Kulumikiza kumadya m'mphepete nthawi zonse.

Akale anali atazidziwa

Nkhani yozungulirayi si ya makompyuta. Mu 1844, Friedrich von Martens, yemwe ankagwira ntchito ku Paris, anapanga kamera yomwe lenzi yake inkazungulira n'kumalemba chithunzi pa chitsulo chopindika, pafupifupi madigiri 150. Makamera a filimu monga Widelux ya ku Japan ndi Horizon ya ku Russia anatsata njira yomweyo. Cirkut ya 1904 inkazungulira yonse pa tripod, filimu ikuyenda mkati, ndipo inkayenda pang'onopang'ono moti pa zithunzi za magulu, mwana wochenjera ankatha kuthamanga kuseri n'kukaonekanso mbali inayo. Ena anangothawa vutolo osazungulira konse: Hasselblad XPan ya 1998, yopangidwa ndi Fujifilm, inkajambula 24 ndi 65mm pa filimu wamba, ndipo makamera a 6x17 ankatulutsa zithunzi zinayi zokha pa mpukutu wa filimu ya 120. Onsewa kusemphana kwa zapafupi ndi zakutali sikunkawavuta. Kumabwera tikamadula dziko m'zidutswa n'kumazisoka.

Zomwe pulogalamu imachita mukadina batani

Kudziwa zomwe zikuchitika mkati kumathandiza tsiku lomwe zakana. Poyamba pulogalamu imasaka timalo tofanana m'zithunzi zoyandikana: kona ya zenera, mng'alu wa mwala. Timeneti ndi ma control point. Kenako imawerengera kuti chithunzi chilichonse chinatembenuka bwanji, chinawerama bwanji, chinapendekeka bwanji, komanso momwe lenzi imapindira mizere. Ikatero imapinda zithunzi zonse kuti zigone pa mpira umodzi, n'kusankha podutsa msoko, n'kusungunula kuwala kuti msokowo usaoneke.

Masamu opinda zithunziwa ambiri tinawalandira kwa Helmut Dersch, pulofesa wa ku Germany yemwe anatulutsa Panorama Tools mu 1998. Mapulogalamu olumikiza zithunzi a PTGui ndi Hugin onse anayamba ngati nkhope yosavuta ya zida zakezo. Kusaka timalo tofanana popanda munthu kunatheka bwino ndi njira ya SIFT ya David Lowe, ya 1999, yomwe iye ndi Matthew Brown anamangirapo AutoStitch ku University of British Columbia. Isanafike, anthu ankaika ma control point ndi dzanja, limodzi limodzi.

Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku ya mzere umodzi, ine Lightroom, pulogalamu yokonzera zithunzi, imandikwanira. Kuyambira 2015 imalumikiza mafayilo a RAW n'kutulutsa DNG, yomwenso ndi mtundu wa RAW, ndiye mumakonza kuwala ndi mitundu pambuyo polumikiza, pa chithunzi chimodzi. Imeneyi ndi mfundo yayikulu. Koma ndi pulogalamu yongolandira zomwe yakupatsani: ikakana, yakana, palibe poti mugwire. Pamenepo ndi pomwe PTGui imasonyeza phindu lake. Mumaona ma control point onse, mumafufuta oipa, mumawonjezera anu, mumapaka chigawo chomwe mukufuna chisungidwe kapena chichotsedwe. Hugin ndi yaulere ndipo imachita zambiri mwa zimenezi, kungoti imafuna munthu woleza mtima masiku oyamba.

Zikakana, yambani mwayang'ana pomwe ma control point agwera. Kawirikawiri mupeza ena ali pa mitambo, pa mafunde, pa masamba ogwedezeka, zinthu zomwe zinasuntha pakati pa zithunzi ziwiri. Afufuteni. Pa nyumba za mazenera ofanana, pulogalamu imatha kulumikiza zenera lachitatu ndi lachinayi. Pulogalamu imakuuzaninso kuti mfundo iliyonse yaphonya ndi mapikiselo angati. Yambani ndi zomwe zaphonya kwambiri. Ndipo ngati panorama yapindika, madzi akukwera m'mwamba pakati, musaikoke ndi dzanja mu Photoshop. Uzani pulogalamu kuti kona iyi ya nyumba ndi yoima chilili, mtengo wa magetsi uwo ndi woima chilili. Mizere iwiri kapena itatu yotalikirana imawongola chithunzi chonse.

Mpira sugona pa pepala

Apa pali chisankho chomwe palibe chida chingakuchotsereni. Zomwe mwajambula ndi mkati mwa mpira, ndipo pepala ndi lathyathyathya. China chake chiyenera kupindika, inu musankhe chiti.

Rectilinear, yomwe mapulogalamu ena amati perspective, imasunga mizere yonse yowongoka. Ndi yabwino pa nyumba, koma mukadutsa madigiri 100 kapena 120 m'mphepete mumakokeka, munthu woima kumapeto amanenepa, ndipo pa 180 masamu ake amakanika. Cylindrical imasunga zoima chilili ndipo imatha kuzungulira 360, koma mizere yopingasa yomwe siili pakati imapindika: msewu wowongoka umaoneka ngati ukukhota pamaso panu. Pa mapiri ndi magombe palibe amene amazindikira, n'chifukwa chake ndi yomwe ndimayamba nayo kunja. Equirectangular, ya madigiri 360 ndi 180, yomwe mulitali mwake ndi kawiri msinkhu wake, si yoti muziyang'ana momwemo. Ndi chakudya cha mapulogalamu ozunguliramo.

Yomwe anthu ambiri saiyesa ndi Panini, yotchedwa dzina la Giovanni Paolo Panini, wojambula pamanja wa ku Italy wa zaka za m'ma 1700. Imasunga zoima chilili, imasunganso mizere yothamangira pakati pa chithunzi. M'msewu wa nyumba mbali zonse, kapena m'chipinda chachitali, imatha kufika madigiri 150 osaoneka yachilendo. Ili mu PTGui ndi mu Hugin. Musanakhazikike pa imodzi, dutsani zonse mukuyang'ana nkhope za anthu ndi zinthu zozungulira zomwe zili m'mphepete, poti ndi zomwe zimayamba kudandaula.

Zoyenda, ndi kukula kwa fayilo

Kanjanji kamathetsa kusemphana kwa malo. Kusemphana kwa nthawi sikathetsa. Munthu woyenda amatuluka kawiri, kapena theka lake limasowa. Galimoto imakhala ndi mutu wopanda mchira. Njira yanga ndi yoti ndijambule mzere wonse mwachangu kaye, kenako ndibwerere pa malo omwe panali zoyenda, ndijambule zowonjezera, munthuyo ali pakati pa chithunzi osati m'mphepete. Pakompyuta ndimapaka chomwe ndikufuna. Mafunde ndi ovuta kuposa anthu, chifukwa amadutsa msoko uliwonse. Mwina mudikire kuti funde lililonse lifike pofanana musanadine, mwina muchedwetse shutter masekondi angapo kuti madzi asalale, msoko usowe choti udule.

Pomaliza pali chilakolako cha kukula. Mitu yoyenda yokha ngati GigaPan, yomwe inachokera ku ntchito ya Carnegie Mellon University ndi NASA, imajambula mazana a zithunzi n'kupanga chimodzi cha ma gigapixel, mabiliyoni a mapikiselo. N'zosangalatsa kusuzumiramo, koma mafayilo ali ndi malire. JPEG siipitirira mapikiselo 65,535 mbali imodzi. PSD, fayilo ya Photoshop, imaima pa 30,000, kupitirira apo ndi PSB. TIFF wamba imathera pa 4 GB.

Musanafike kumeneko, werengani zomwe mukufunadi. Zithunzi 6 za kamera ya 24 megapixel, yoimika, zolowana 30 peresenti, zimapereka mapikiselo pafupifupi 18,000 mulitali ndi oposa 5,000 msinkhu mutadula m'mphepete. Pa mapikiselo 300 pa inchi, chimenecho ndi chithunzi cha mita imodzi ndi theka chomwe munthu angachiyang'ane mphuno ili pafupi ndi pepala. Chithunzi chachikulu chotero anthu amachiyang'ana ataima patali, ndiye ngakhale mutachisindikiza mamita atatu pa 150 chimaonekabe chakuthwa. Mzere wachiwiri ndimauwonjezera pokhapokha pamene nsonga ya nyumba kapena ya mtengo yakana kulowa mu woyamba.